Mmene Achimwene Anayambira Kuyeza Amoyo

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mayiyu wathira mchere wambiri, koma pa msinkhu ndafikawu bodza lingandipindulire chiyani? Zimene ndikuuzenizi ndinaziona ndi maso angawa, masanasana, osati kumaloto ayi, ndipo ambiri amene analipo tsikulo akadali moyo, ena timatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. N'chifukwa chake sinditchula dzina la munthu ngakhale la mudzi. Dziwani chabe kuti ndi kuno ku Mchinji, kumbali ya Mkanda, ndipo zinachitika chaka cha njala ija, matipate atakhazikika kale, tonse titazolowera kuvota ndi kulonjezedwa.

M'mimba mwa amayi athu tinakula awiri okha, ine ndi achimwene anga aakulu, ndipo amalume atamwalira iwowo ndiwo anakhala mwinimbumba wathu. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, mlimi wa fodya amene chigafa chake chinkaoneka uli patali. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri ndi udzukulu. Pakagwa maliro m'mudzi, iwo ndi amene ankatsikira kudambo kukadula bango, n'kulowa m'nyumba ya siwa kukayeza mtembo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako bango lija n'kulipereka kwa anyamata okumba kuti manda alingane ndi mwini wake. Ntchito imeneyi ankainyadira zedi. Ankati munthu angasauke bwanji, asamagone mopinda miyendo kumanda, chifukwa pansi pano wapindika kale mokwanira.

Matenda a mutu anawayamba ali ndi ndevu kale, atabwerako ku boda kumene ankagwira ganyu yokweza katundu m'mathiraki. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu palili: ena ankati ndi chamba, ena ankati anafuna kukhwima ndiye zizimba zinawatembenukira. Ife tinangoona munthu wasiya kugona, akuyankha anthu amene ife sitikuwaona. Anawatengera ku chipatala chachikulu cha odwala misala kummwera kuja, ndipo atabwerako anali bwinobwino, atanenepa khosi, kungoti akazi awo, alamu anga, anali atalongedza kale n'kukwatiwa kwina. Kuyambira pamenepo ankakhala m'nyumba yawo kuseri kwa yanga, akudya za m'manja mwanga.

Chimene chinkawasunga chinali jakisoni ndi timapilitsi. Kunali anesi ena ochokera kumpoto, mayi wamfupi wa Chichewa chokhotakhota chimene tinkamuseka nacho, amene ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi, tsiku la sikelo. Akatha za ana ankaitana achimwene pamodzi ndi ena a matenda a mutu ndi a khunyu, n'kuwabaya kuseri kwa tchalitchi. Zaka zinadutsa choncho. Achimwene anabwerera ku fodya wawo ndi ku udzukulu wawo, ndipo ana amene anabadwa nthawi imeneyo sankadziwa n'komwe kuti agogo awowo anayamba adwalapo.

Ndiye mwezi wina njinga ija sinabwere. Tinadikira kuseri kwa tchalitchi mpaka mithunzi inatalika, tinabalalika tikunena kuti mwina yaphulika tayala. Mwezi wotsatira tinamva kuti kulibe mafuta. Wotsatirawo palibe anatiuza kanthu, ndipo ifenso tinasiya kufunsa, poti njala inali italowa ndipo munthu amene wagonera gaga sakumbuka za jakisoni wa mnzake. Inali nthawi yoipa, anzanga. Anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kusinja, miyendo ikutupa, maliro tsiku ndi tsiku, ndipo wogwidwa akuthyola chimanga chachiwisi m'munda mwa mnzake ankamenyedwa ngati njoka. Mitima ya anthu inali itauma kale nkhani yangayi isanayambe.

Timapilitsi titatha, achimwene sanachite phokoso ngati poyamba paja. Akanavula n'kumathamanga, bwenzi aliyense atadziwa kuti ndi matenda. Iwo anangoti zii. Chakudya chochepa chimene ndinkawapatsa ankachiyang'ana n'kuchikankhira kwa ana. M'mawa uliwonse ankatsikira kudambo ndi mpeni, n'kubwerako ndi mabango paphewa, n'kulowa nawo m'chigafa. Ine ndi kupusa kwanga ndinkati mwina akufuna kuluka mphasa zoti tisinthanitse ndi chimanga, mpaka ndinawayamikira.

Tsiku lina masana, nkhalamba ina yoyandikana nafe inagona pansi pa mtengo wa mango, njala itaifoola. Achimwene anafika mwakachetechete, anagwada, anagoneka bango m'mbali mwake, analidula pamene panathera mapazi, n'kubwerera nalo ku chigafa. Amene anaona anaseka mpaka misozi. Kodi simukudziwa kuti adzukulu ali ndi ufulu wochita chipongwe ndi imfa? Amatha kukuuza pamaliro kuti iwe konzeka, khasu latsala ndi lako, ndipo palibe amakwiya. Ngakhale nkhalambayo itadzuka n'kuuzidwa, inangotukwana moseka kuti mdzukulu ameneyu ali ndi changu ngati wolandira malipiro. Sabata isanathe nkhalamba ija inamwalira.

Pamaliro pake achimwene sanapite kudambo. Analowa m'chigafa n'kutuluka ndi bango lodula kale, ndipo anyamata okumba anayang'anizana. Patapita masiku ochepa anayezanso mayi wina amene ankadwala, atamupeza ali gone pakhonde, ndipo nayenso sanachedwe. Kunena zoona onsewa anali anthu oti ngakhale mwana akanaona kuti ulendo wayandikira, koma ndani ankaganiza choncho? Kuseka kunatha. Amayi ankati akaona achimwene akubwera ankakokera ana m'nyumba, ndipo m'mudzi monse munalibenso munthu wogona panja masana, kaya kutenthe bwanji. Ine ndikafika pa mjigo nkhani inkaduka, n'kungotsala kulira kwa chitsulo.

Ndinalimba mtima tsiku lina iwo ali kudambo, ndinasuzumira m'chigafa muja. Anzanga inu! M'malo mopachika fodya munali mutaimikidwa mabango mzere, motsamira mtanda, lililonse lodulidwa bwinobwino msinkhu wakewake, aatali, apakati, ndi tina tating'ono tofika m'chiuno mwangamu. Ankawayeza liti anthu onsewo? Mpaka lero sindidziwa, mwina ankangoyang'ana munthu akudutsa, poti diso lawo linali litazolowera. Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Madzulo ake ndinauza amuna anga kuti tiwagwire achimwene, tiwamange, tiwakweze ngolo kupita nawo kuchipatala. Bambowo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati iwo pamudzi pano ndi mkamwini, anabwera ndi kachikwama kokha, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Angayambe bwanji kuika chingwe pa mwinimbumba, munthu amene anawapatsa malo omangapo nyumba ndi munda wolima? Nanga akadzachira n'kukumbuka amene anawamanga? Ndinapita kwa akuluakulu a m'mudzi, nawo anati imeneyo ndi nkhani ya mbumba yathu, woti alamule ndi mwinimbumba. Mwamva bwino? Woti alamule kuti wodwala amangidwe anali wodwala yemweyo. Ine mlongo wawo wamng'ono, amene ndinkagwada powapatsa madzi, ndikanatani ndekha? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo tonse tinkangouzungulira mkhatewo.

Ndinaganiza kuti ngati wodwala sangapite ku mankhwala, mankhwala abwere kwa wodwala. Ndinalawira m'mamawa pa njinga, nditasiya mwana wanga wotsiriza, kamtsikana kosayamba sukulu, m'manja mwa bambo ake. Pa chipatala chaching'ono cha kwathu adokotala anandimvetsera bwino ndithu, koma anatambasula manja. Anati mankhwala a matenda a mutu anasiya kalekale kubwera m'mabokosi amene amalandira, ndipo ngakhale a malungo akuchita kugawa mowerenga. Anandiuza kuti ndikayese ku boma. Ndinasiya njinga kwa mayi wina wogulitsa tomato n'kukwera matola, ndikupemphera njira yonse.

Ku boma ndinawapeza anesi aja, ataonda, atawaika kosamalira odwala kolera. Anandizindikira msanga, ndipo asanandipatse n'komwe moni anafunsa za achimwene. Nditawafotokozera za mabango anakhala pansi. Kenako ananditengera m'kachipinda kena n'kutsegula kabati kuti ndidzionere ndekha, ndipo munali zitini zopanda kanthu ndi mphemvu. Anati ndalama zimene boma limatumiza zikafika zimagawidwa ku chakudya cha odwala, ku mafuta, ku malungo, ku kolera, ndipo iwo akakweza dzanja pamsonkhano kukumbutsa za anthu awo a m'midzi, amayankhidwa kuti misala siipha munthu, idikire kaye. Njinga ija inali kuseri, itatsamira khoma, udzu utamera m'masipoko. Za ambulansi yopita kummwera anati imanyamuka mafuta akapezeka, ndipo sangandinamize kuti apezeka liti.

Ndinakwiya, ndinalankhula mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mayi wa anthuyo anangondisiya ndithe. Pomaliza anandigwira dzanja n'kundilangiza kuti ndikabise zikwanje ndi makasu, ndizikalankhula nawo motsitsa mawu, ndipo chachikulu, anthu asakawaunjirire kapena kuwakuwiza, chifukwa munthu wotere akaona gulu amasokonezeka kwambiri. Anati ndidzabwerenso mwezi ukatha. Ndinachoka ndi malangizo okhaokha m'manja.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amene munaiona njala ija mukukumbuka mmene midzi inkakhalira chete: kopanda mtondo wolira, kopanda tambala, agalu omwe osauwa. Ndinatsika njinga pa mphambano n'kumaikankha, ndipo nditakhota pa nkhokwe yathu yopanda kanthu ija ndinaona pakhonde panga. Mwana wanga anali gone pamphasa, chagada, osagwedezeka. Achimwene anali atagwada pambali pake, bango lili m'mbali mwa mwanayo, mpeni uli m'dzanja. Bambo ake kunalibe, ndinamva pambuyo pake kuti anapita kukafuna ganyu ya chinangwa mwana atagona.

Njinga inagwa yokha. Mumtima ndinati basi, mwana wapita. Kaya ndi Mulungu kaya ndi mawu a anesi aja, ndinapezeka ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka ndinagwada poteropo monga mwa masiku onse, n'kuwapatsa moni wa madzulo. Anayankha bwinobwino osandiyang'ana. Ndinawafunsa motsitsa kuti kodi achimwene mukutani ndi mdzukulu wanu... ndinalakwitsa dala, poti anali muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo, kuti mwina aseke n'kundikonza. Sanaseke.

Anandiyankha ndi mawu ofatsa amene amandiwawa mpaka lero. Anati akhala akuuzidwa ndi anthu osaoneka aja kuti chimanga chisanache mudzi uno utha, adzukulu anzawo afooka kale, ndipo iwonso sakhalitsa. Ndiye adzatsale ndani woyeza anthu? Anati anthu adzangoponyedwa m'maenje ngati mbuzi zofa zokha, opindika, ndipo iwo monga mwinimbumba sangalole kuti mwana wa mlongo wawo akagone mopanikizika. Anawonjezera kuti ine ndisapite kutali mawa, poti langa anali asanadule. Akulankhula choncho mwana anatsokomola n'kutembenuka, ndipo ine mpweya unabwerera. Iwo anadikira kuti awongokenso, anaika chala pamene panathera timapazi take, n'kudula bango lija kamodzi kokha, khe!

Zikanathera pomwepo, ndikanamunyamula mwana wanga n'kulowa naye m'nyumba. Koma nthawi yomweyo kunkadutsa mwana wamkazi wa nkhalamba inamwalira ija, ndowa ili pamutu. Anaona mpeni, anaona mwana ali gone, anaponya ndowa pansi n'kuyamba kukuwa kuti mfiti ija yapha mwana. Mudzi umene unali zii uja unatuluka wonse, anthu oti m'mawa ankalephera kunyamula khasu akuthamanga. Ine ndinamukweza mwana m'mwamba, akulira, ndikuwauza kuti taonani ali moyo, munthuyu akudwala chabe, ndachokera kuchipatala lero lomwe. Ndani ankandimva?

Wina anakuwa kuti tikaone m'chigafa, ndipo anyamata anatuluka ndi mabango aja n'kuwamwaza pabwalo. Zimene zinachitika kenako sindinazionenso kwina kulikonse. Phokoso linatha. Anthu anayamba kutola mabango mmodzimmodzi n'kumadziyeza okha, kuliimika pambali, kuika dzanja pamutu, kulitaya, kutola lina. Bambo wina anapeza lofanana naye ndendende n'kungoima nalo. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuimika pa kabango kakang'ono, ndipo katalingana analira ngati maliro agwa kale. Inu, pa mulu wa mabango ochuluka chotero, ndani akanalephera kupeza la msinkhu wake? Koma tsiku limenelo aliyense ankaona manda ake ali m'manja.

Achimwene sanathawe. Anatsika pakhonde n'kuyamba kutolera mabango awo, akuwadandaulira anthu mwaulemu kuti chonde asawasokoneze, chifukwa akasakanikirana sadzadziwanso kuti ili ndi la yani. Mawu amenewo ndiwo anawatsiriza. Mwala woyamba unawapeza pakhutu, ndipo anandiyang'ana modabwa ngati akufunsa kuti alakwa chiyani. Pamenepo m'pamene anathamangira kudambo, gulu lonse lili pambuyo, ine ndikutsatira ndi mwana kumsana, ndikugwa n'kudzuka, ndikuitana anthu maina awo mmodzimmodzi kuti mwina achite manyazi.

Anawapeza m'matope. Sindifotokoza zonse, poti ena mukuwerenga mukudya. Amuna anga anatulukira anthu ali mkati momenya, ndipo mkamwini uja amene ankaopa kugwira mwinimbumba ndi chingwe anadziponya pamwamba pa alamu ake, mpaka anathyoledwa mkono, umene sunawongokenso. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osayang'anana. Tinabwereka ngolo kwa munthu wa mudzi wina, poti a m'mudzi mwathu onse ng'ombe zawo zinadwala mwadzidzidzi, ndipo tinafika nawo pa chipatala chaching'ono chija akupumabe. Anatsirizikira pakhonde, adokotala akufunafuna choti awamangire mabala.

Tsopano imvani ichi. Mbiri itamveka, tsiku lomwelo, bambo wina amene ankafuna uphungu m'dera lathu anatumiza galimoto, mafuta ali odzaza, pamodzi ndi bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide limene achimwene sanalilotepo. Pamaliro anapatsidwa mpata wolankhula, ndipo anati iye ndi munthu woima ndi anthu ake pa mavuto. Anthu anang'ung'udza movomereza, ena mwa iwo matope a kudambo asanachoke bwino m'zikhadabo. Apolisi anabwera, anafunsa, ndipo mudzi wonse unati unali kumunda. Ine ndinangokhala m'siwa ndikuyang'ana bokosilo, ndikudzifunsa kuti mafuta amene anayendera galimoto imeneyi akanayendetsa njinga ya anesi miyezi ingati.

Maliro sanaleke achimwene atapita. Anapitirira mpaka chimanga chinacha, ndipo ena amene anaponya miyala anaika ana awo m'manda osaya, okumbidwa ndi anthu anjala, mongoyerekeza. Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo, koma ine sindinena kuti achimwene anali mlosi ayi. Aliyense wa maso ankaona kumene tinkapita, kungoti iwo matenda anawachotsera mphamvu yonyalanyaza. Mwana wanga uja, amene anayezedwa ine ndikuona, lero ndi mayi wa ana ake, wonenepa kuposa ine, amagulitsa mtedza pa Kamwendo ndipo pakamwa pake simungapafike. Bango silinaphe munthu.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti achimwene sanali mfiti, ndiponso anthu a m'mudzi mwathu sanabadwe zigawenga. Anali anjala ndi amantha, ngakhale kuti kuwakhululukira kwenikweni kumandivutabe, ndipo moni wa pa mjigo ndimayankha ndi pakamwa pokha. Imfa ya achimwene inayambira kutali, m'chipinda momwe anthu ovala bwino anagwirizana kuti misala siipha munthu. Imapha, anzanga. Ikapanda kupha ndi dzanja la wodwala, imapha ndi manja a anansi ake, ndipo pa chikalata amalemba zina.

Ndiye inu amene muli ndi m'bale womwa mankhwala amenewa, musadikire kuti botolo lithe, ndipo musanyengedwe ndi kufatsa kwake, chifukwa wina akamadwala sakuwa. Za ukamwini ndi za ulemu muziike pambali tsiku limenelo, munyamuleni adzakukwiyireni ali moyo. Ndipo akabwera aja ofuna mavoti, nsalu ndi nyimbo zili patsogolo, afunseni pamaso pa anthu kuti kabati ya mankhwala a mutu ili ndi chiyani, ndi kuti anesi adzafika liti kumudzi kwanu. Za galimoto yonyamula mtembo musade nazo nkhawa, imeneyo imapezeka tsiku lomwelo.